Chingwe cha pa Chigongono

Santhe
9 Juni 2024

Mwana wanga Goodness,

Akulembayu ndi Olive wa kuseri kwa chigafa chathu, mlembi wa Chigwirizano uja. Dzanja ndi lake, pakamwa ndi panga, ine mayi ako Maliya Nambewe. Ndamuuza alembe mmene ndikuyankhuliramu, asakongoletse, si lipoti la kutchalitchi ili.

Moni. Uli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo, mwera wayamba, anthu ali kalikiliki ndi mabelo a fodya. Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene mafoni alipo. Makutu angawa, pa foni ya Olive ndimachita kukuwa, mpaka amene ali kudambo amamva. Nkhani iyi si ya mudzi wonse. Ndipatsira a Patrick a lole, aja umawapatsira katundu wathu.

Nkhani ndi mlongo wako Levison. Mwezi wathawu chifuwa chinandigwira, iye n'kuchoka ku Mtunthama kudzanditengera kuchipatala. Adokotala anamvera pachifuwa n'kundifunsa ngati ndimasuta. Ine zaka makumi anayi ndikusoka fodya wa malemu atate ako, osalawako n'kamodzi komwe. Akuti ndiye ndi utsi wa m'khitchini, ndikapitiriza kuupuma chifuwachi chinditenga.

Ndiye Levison wagamula. Akuti mvula yoyamba ikandipeza ndikuphikabe mu utsi, abwera ndi galimoto kudzanditenga, ndizikakhala kwa iye ndi mkazi wake Jenifer. Jenifer si munthu woipa, usandimve molakwa. Koma kumeneko ndizikakhala pakhonde kudikira kuitanidwa ngati mlendo. Mchere ukachepa, osanena. Njala ikandigwira masana, kudikira. Ine chikwatiwire sindinapemphepo munthu chilolezo choyatsa moto. Ndipo ndikuganiza, Olive lemba basi, ndikuganiza kuti akufuna ndichoke kuti munda wa atate ako aubwereketse kwa alimi a fodya. Chaka chatha anauyendera kawiri, manja ali kumbuyo.

Sindikugona bwino. Ndikakhala m'nyumba ndimatuluka, ndikatuluka ndimalowanso. Ndimayang'ana kumwamba ngati mitambo yabwera, chikhalirecho ndi Juni.

Anthu akandifunsa ntchito yako ndimati umajambula makhitchini a anthu olemera. Amaseka, amati khitchini nayo n'kuijambula, mafuwa atatu omwewa? Ndiulule, inenso ndinkaseka nawo. Lero ndasiya. Kodi ungandijambulire yanga, yoti utsi uzituluka panja, imangidwe mvula isanagwe? Njerwa zilipo, za balani youmitsira fodya ya atate ako inagwa ija. Yankha msanga.

Ndine mayi ako,
Nambewe

Johannesburg
29 Juni 2024

Okondedwa amayi,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, kachitatuko ndili m'nyumba ya kasitomala, tepi ili m'khosi. Ndili bwino, kungozizira. Mundiperekere moni kwa a Olive, ndipo ndathokoza chifukwa cha dzanja lawo.

Kubwera sindingathe. Mapepala anga sanatulukebe, ndikatuluka m'dziko muno panopa sandilolanso kulowa, ntchito n'kutha. Ndikudziwa kuti chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri ndikunena zomwezi. Koma khitchini ndijambula. Achimwene ndawaimbira, takangana, avomera kuti sachita kanthu mpaka mvula.

Popeza munkaseka nawo, ndikuuzeni ntchito yangayi. Siyambira pa makabati ayi, imayambira pa munthu wophikayo. Ndikalowa m'nyumba ndimakhala pakona n'kumuuza mwini wake aphike tiyi, ine n'kumangoona. Mpeni amagwira ndi dzanja liti, akafuna madzi amatembenukira kuti, amayenda mapazi angati kuchoka pamadzi kufika pamoto. Olemera ena kuno sadziwa n'komwe pamene pamakhala masupuni m'nyumba mwawo, ndiye ndimakafunsa wantchito wawo. Ndikatha kuona ndimayeza, ndimajambula, akalipentala n'kupanga. Ndikaphonya pang'ono pokha, munthu amamva msana zaka khumi akunditukwana.

Inu sindingakuoneni, ndiye mundithandize. Muime chilili mmene mumaimira masiku onse, mupinde mkono, a Olive adule chingwe kuchoka pansi kufika pa chigongono chanu. Chingwecho muike mu envulopu. Mbaula imakhala chikhatho chimodzi pansi pa chigongono, ndiye zonse zichokera pa chingwe chimenecho. Muwerengenso mapazi anu kuchoka pakhomo la nyumba kufika pa mtengo wa mango, pomwe ndikufuna khitchiniyo ikhale. Mundiuze mbali imene mwera umachokera.

Womanga akhale a Ephraim, omanga mabalani aja. Munthu amene amayendetsa utsi m'mapaipi osakhudza tsamba la fodya, chumuni sichingamuvute. Ayeze malowo ndi tepi, alembe papepala.

Chimodzi chokha, amayi. Achimwene akuti mwafooka, msana wapindika, mukuyendera ndodo. Ndiuzeni zoona. Ngati zilidi choncho, mwina akunena zanzeru.

Ndine mwana wanu,
Goodness

Santhe
20 Julayi 2024

Goodness,

Ndi Olive yemweyo akulemba. Kalata yako yafika Lachiwiri. Paja pamene wati mwina Levison akunena zanzeru, ndinamuuza Olive awerenge kawiri. Tsiku limenelo chakudya sichinatsike.

Levison amakulitsa zinthu, akanali mwana ankati njoka poona nyongolotsi. Ndodo ndimatenga chifukwa cha agalu a kwa aneba. Msana ndi wanga, ndikuudziwa ndine. Chingwe chimene wapempha ndi ichi, cha khonje, chadulidwa bwinobwino. Uchione, uone ngati ndi cha munthu wopindika. Olive akundiyang'ana. Lemba iwe, maso si cholembera.

Mapazi ndawerenga katatu kuti ndisalakwitse, ana a sukulu akundiona ngati ndazungulira mutu. Kuchoka pakhomo kufika pa mango ndi makumi awiri ndi atatu. Ulendo wachiwiri anali makumi awiri ndi anayi chifukwa ndinalambalala nkhuku. Mwera umachokera mbali ya kumsewu wa ku Santhe. Mpeni ndimagwira ndi dzanja lamanja, koma poto ndimaphula ndi lamanzere, sindinkadziwa, ndadziona dzulo chifukwa cha iwe. Tsopano ndikaphika ndimangodzizonda ndekha ngati mbala.

A Ephraim abwera ndi tepi yawo, pepala lawo lili momwemu. Anaseka, akuti zaka zonsezi akumanga za fodya, lero akamange balani ya nyemba. Koma atamva kuti ndiwe unawasankha anavula chipewa n'kuyamba kukamba za mphepo ndi mapaipi mpaka dzuwa kupendeka. Anthu aamuna ukangowayamikira.

Tsopano zanga umve. Zenera lisayang'ane kunjira, anthu odutsa asamaone ndiwo zanga. Chitseko chikhale chachikulu choti ndowa ilowe osagunda. Pakhale misomali ya lichero ndi sefa. Makabati ako otseka aja sindikuwafuna, chinthu chikabisika ndimachiiwala, mbewa ndiye siziiwala. Mchere ukhale pafupi ndi moto, nthawi ya mvula umalira. Ndipo pakhale poti munthu wodzacheza akhale, sindimaphika ndili chete.

Levison anatumiza uthenga kuti Jenifer wayamba kale kukonza chipinda, wagula ndi katani. Katani, Goodness. Fulumira. Ogasiti uyu wayandikira, kenako anthu ayamba nazale, a Ephraim sapezekanso.

Mayi ako

Johannesburg
10 Ogasiti 2024

Amayi,

Chingwe ndalandira. Ndisanachiyeze ndi tepi ndinachiponda n'kuchikokera pa mkono wanga, chinafika ndendende pa chigongono changa. Masentimita 105. Ndinakhala pansi mu ofesi n'kulira, anzanga kuganiza kuti ndamva maliro. Ndinakuonani mmene ndinakusiyirani, mutasenza mtolo wa fodya kuchokera kumunda, khosi lili chilili. Ndajambula chingwecho pa foni, ndatumizira achimwene, ndawauza asiye kukukalambitsani nthawi isanakwane. Angoyankha kuti chabwino, tiona.

Pulani ndi iyi, mapepala atatu. A Olive akuonetseni. Mbaula ndi ya njerwa, ya mapoto awiri, yofika m'chiuno. Muziphika chilili ngati madona a kuno, zowerama zatha. Nkhuni zizilowa kukamwa kwake kutsogolo, utsi uzikwera m'chumuni kumbali yosachokera mwera. Madzi ali kumanja, pophulira poto kumanzere. Zenera layang'ana kumunda. Makabati palibe, ndamva, ndaika mashelefu apoyera kumtunda. Mchere uli ndi kabowo kakekake m'khoma la chumuni. Benchi la alendo lili pafupi ndi chitseko.

Simenti ndi malata zifika kwa a Ephraim. Muwauze asasinthe kalikonse, ngakhale mulingo wa chala. Omanga amakonda kuwonjezera nzeru zawo.

Ndajambula makhitchini oposa zana, amayi, koma iyi yokha ndi imene ndaionetsa kwa aliyense mu ofesi.

Goodness

Santhe
14 Seputembala 2024

Mwana wanga,

Moni. Yatha kumangidwa. A Ephraim sanasinthe kanthu, ankayenda ndi mapepala ako m'thumba la malaya ngati Baibulo. Ndinawapempha kuti mwina mbaulayo aitsitse pang'ono, anakana, akuti mwana wanu ndi injiniya, ine ndani.

Ndi yokongola, Goodness. Anthu akubwera kudzaona mpaka ochokera kutsidya kwa dambo. Aja ankaseka aja tsopano akufunsa ngati ungawajambulire. Lachinayi amayi a Chigwirizano anadzaza m'menemo, aliyense kuima pa mbaula kuyerekeza kutakasa, kuseka mpaka misozi. Olive akaima pamenepo ndiye ngati anachita kumuumbira. Onse anatero. Olive sanaseke.

Kuyatsa sindinayatse. Poyamba ndimadikira simenti iume. Tsopano ndikudikira abusa adzapempherere, koma ali ndi maukwati ambiri mwezi uno. Ukadzamva kwa Levison kuti sindinayambe, chifukwa chake n'chimenecho. Ndikumadya kwa Olive. Lemba choncho. Ndimasesamo m'mawa uliwonse, ndimakhala pa benchi la alendo n'kumaiyang'ana. Kenako ndimatuluka, kenako ndimalowanso.

Ndifunseko, pali mayi wina wa kutchalitchi akufuna kudziwa. Kodi mbaula ya njerwa ikamangidwa kale, imatheka kutsika? Kapena ikatero yatero? Ndipo mashelefu aja, munthu wamfupi amatani? Ndi mayi wamanyazi, dzina sinditchula.

Kwatentha. Anthu akuthirira nazale m'mawa ndi madzulo. Dzana kunachita kamtambo kumadzulo, ndinakayang'anitsitsa mpaka kanapita. A Ephraim akuti chaka chino mvula ifulumira, nyerere zikututa. Yankha, usachedwe.

Mayi ako

Santhe
20 Okutobala 2024

Goodness,

Masabata asanu, iwe zii. A Patrick sakuoneka, ino ndapatsira mwana wa kwathu konkuno amene akukwera basi ya ku Joni. Olive akuti unaimba kawiri, iye n'kukuuza kuti zonse zili bwino, poti ndinamulumbiritsa. Koma kalata ayi. Ndikuganiza kuti wadziwa ndipo wakwiya. Ngati sunadziwe, udziwe lero. Olive wati akapanda kulemba zoona lero, cholembera asiya, ndikapeze wina.

Levison anabwera Loweruka osanena. Analowa m'khitchini mwako, anayamikira mmene ndasesera. Kenako anawerama kusuzumira kukamwa kwa mbaula. Munali nkhuku yanga yamawanga itakhalira mazira asanu ndi anayi. Anapisa chala m'chumuni, chinatuluka choyera. Anangotsata fungo mpaka m'chigafa, kuseri kwa mapesi, n'kupeza mafuwa anga atatu ndi nyemba zikuwira. N'komwe ndakhala ndikuphika chimangireni khitchiniyo, nditatchinga ndi masaka kuti anthu asaone, utsi uli tho.

Ine m'malo mokhala chete ndinati ndikuonetsa. Ndinachotsa nkhuku, inandijompha, ndinalibe nazo ntchito. Ndinasonkha moto m'mbaula yako, unayaka bwino, utsi wonse kukwera kumwamba monga unanenera. Ndinasanja njerwa ziwiri pansi, n'kukwerapo ndi poto wa nyemba uja. Njerwa inapendeka. Msuzi wonse pa mkono wa manzere.

Anandinyamula ngati mwana. Kuchipatala anamanga, akuti chipola. Pobwerera anangoti, "Amayi, pa 9 Novembala. Mvula igwe, isagwe."

Chingwe chija chinali cha Olive. Ndinamuimika ine, ndinadula ine. Changa titayeza ndinachiona chili pansi pamenepo, kachidutswa, ndinakumbuka mawu ako akuti mwina akunena zanzeru. Ndinati uyu akachiona, ndatsala ndekha. Msana unayamba chaka chimene tinaika atate ako. Panopa ndikaima ndimaona zala za kumapazi, munthu wamtali ndimamuzindikira ndi nsapato. Mbaula yako imandifika pachibwano. Mchere uli m'kabowo kake sindinaukhudzepo.

Chingwe chenicheni ndi ichi. Usachikokere pa mkono wako. Mfundo imene ili pakatiyo ndi ya chigongono ndikakhala pa kampando kanga, poti ndimo ndimaphikira zaka zonsezi. Sindikudziwa chifukwa chake ndikutumiza, nthawi yatha. Ndawononga simenti yako, ndakuchititsa manyazi kwa anzako a mu ofesi. Olive akulira, akuti mlembi wa Chigwirizano kulemba bodza miyezi itatu. Mlandu si wake.

Mayi ako

Mtunthama
21 Okutobala 2024

Mlongo wanga Goodness,

Foni yako ndikuiona, sindikuyankha dala. Tikayankhulana tikangana, ndiye werenga.

Amayi apsa mkono pa mbaula yako. Sindikukunena, unanamizidwa. Koma ndinakuuza mu Juni, iwe unakhulupirira chingwe kusiya ine amene ndimawaona ndi maso. Unanditumizira chithunzi cha chingwe ngati ndine wakuba. Iwe amayi ukuwadziwa a zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ine ndikudziwa a Loweruka lapitali.

Galimoto ndapeza kale, ya pa 9. Chipinda chakonzedwa. Jenifer wavomera zonse, ngakhale nkhuku yawoyo abwere nayo. Andida, ndikudziwa. Bola andide ali moyo.

Levison

Kalata yotsatirayi yafika kuno ku Santhe pa 6 Novembala. Lole ya a Patrick inafera panjira, inakhala masabata ambiri pagalaja, makalata ali momwemo. Ndine Olive.

Johannesburg
21 Seputembala 2024

Amayi anga,

Kalata yanu yonena za mayi wamanyazi wa kutchalitchi yafika lero ndi a Patrick, ndipo mawa akubwerera, ndiye ndikulemba mothamanga.

Sabata ino ndinali kwa agogo ena achimwenye amene amayenda ndi chitsulo chogwirira. Ndinawawerengera mapazi monga ndimachitira. Pa mamita asanu ndi limodzi anayenda makumi awiri ndi awiri. Ndinathamangira ku ofesi kukatulutsa pepala la a Ephraim. Kuchoka pakhomo panu kufika pa mango ndi mamita asanu ndi limodzi. Munthu wa chingwe chija amayenda pamenepo mapazi khumi. Inu munawerenga makumi awiri ndi atatu.

Manambala awiriwa ndakhala nawo mu envulopu imodzi kuyambira Julayi. Kwa kasitomala wina aliyense ndikanaona tsiku lomwelo. Kwa inu sindinafune kuona. Ndipo ndine ndinakuopsezani ndi mawu anga aja. Mundikhululukire.

Sindikufuna mumve izi pa foni yokuwa, ndipo achimwene sindinawauze, ndinu muwauze. Koma mumuuze mayi wamanyaziyo kuti mbaula imatsika. Kupindika msana si chifukwa chochotsera munthu pamoto pake, ndi muyeso chabe. Agogo achimwenye aja aziphika okha mwezi wamawa. Ntchito yanga ndi imeneyo, osati ya madona ayi.

Pulani ina ndi iyi, yophika mutakhala. Manambala a kutalika sindinalembe dala. Mukhale pa kampando kanu pakati pa khitchini, a Ephraim ayeze chigongono chanu pomwepo. Kenako mutambasule mikono uku ndi uku osadzuka, ajambule pansi ndi khala pamene zala zanu zikufika. Moto, madzi, mchere, nkhuni, zonse zikhale mkati mwa mzere umenewo. Poto musamamunyamule, azitsetsereka kuchoka pamoto kupita pambali, pakhale pofanana. Chumuni asachigwetse, angochilumikiza pansi. Ndi ntchito ya masiku atatu.

Musakwere pa chilichonse, amayi. Ndikukudziwani.

Goodness

Santhe
14 Novembala 2024

Mwana wanga Goodness,

Olive akulemba, lero akulemba akumwetulira, misozi sigwera pa pepala.

Kalata yako inafika nditamanga kale katundu. Ndinamanga ndekha ndi dzanja limodzi, sindinafune Jenifer adzaone mkati mwa sutikesi yanga. Olive atawerenga pofika paja pakuti musakwere pa chilichonse, tinayang'ana mkono wanga tonse awiri, n'kuyamba kuseka, n'kusanduka kulira. Masiku atatu otsalawo sindinakhale pansi. Ndikati ndiitane a Ephraim, ndimati Levison ati ndayambanso mabodza. Ndikati ndisiye, miyendo ikupita yokha kukhitchini.

Loweruka Levison anafika m'mawa ndi galimoto ya pikapu. Dalaivala anayamba kukweza. Ndinati ndisanakwere Levison amve kalata ya mlongo wake. Anamvera ataima pansi pa mango, akuyang'ana wotchi. Olive atatha, Levison anapempha pulaniyo, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaipinda n'kunena kuti nkhani inatha kale.

Pamenepo ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti angonena poyera kuti akufuna munda wa atate ake, aubwereketse, asamanamizire chifuwa changa. Goodness, nkhope yake sindinaionepo choncho. Anakhala pansi padothi, ndi thalauza la kuntchito, kuti tionane maso.

Anati, "Munda wa chiyani, amayi? Mu Meyi muja mukuganiza kuti munadzuka nokha? Ndinakupezani mutagona chafufumimba m'khitchini yakale, utsi uli tho, nkhuni ikuyaka pafupi ndi chitenje. Ndinaitana katatu osayankha. Ndinayamba kuganiza kuti ndiyambe kuuza ndani."

Ine ndinkadziwa kuti ndinangodzuka ndili pa mphasa panja, iye akundipatsa madzi. Sanandiuzepo. Ndipo kumunda kuja, akuti ankapita kukaona ngati ndingathe kulima ndekha. Miyezi yonseyi ndikumuyesa wakuba mwana wanga.

Ndinamuuza kuti ndamva, ndipo ndalakwa. Koma ndinati, "Levison, ukandichotsa pamoto panga, udzandipezanso chimodzimodzi, pakhonde pako, popanda utsi."

Ananyamuka n'kulowa m'khitchini. Tinangomva phokoso. Olive anathamanga, akuti akugwetsa mbaula ndi hamala ya dalaivala. Ndinati basi, wakwiya, akuswa zonse kuti ndisabwererenso. Kenako anatulukira pachitseko, fumbi lili mbuu kumutu, n'kukuwa kuti wina akaitane a Ephraim, ndipo kampando kaja katsitsidwe m'galimoto.

Anandikhazika pakati pa zigumukire. Anayeza yekha chigongono, kawiri, akuti chingwe cha m'nyumba muno sachikhulupiriranso. Ndinatambasula mikono, a Ephraim akuzungulira ndi khala, akung'ung'udza kuti balani sinawavutepo chonchi. Galimoto imene inabwera kudzanditenga inapita kukatuta dothi la pachulu ndi mchenga. Levison anaimbira kuntchito kupempha masiku, anagona pa mphasa. Jenifer anatumiza katani uja ndi dalaivala, akuti ndiike pa zenera la khitchini. Ndaika. Ndi wabwino, ndisaname.

Wandisiya ndi pangano. Azibwera kutha kwa mwezi uliwonse osanena tsiku, azipisa chala m'chumuni. Chikatuluka chakuda ndi mwaye, ndikhala. Chikatuluka choyera, ndikwera galimoto popanda mlandu. Mafuwa anga wapita nawo ku Mtunthama, akuti ali pa ukaidi. Olive naye walamulidwa kusuzumira m'mawa ndi madzulo.

Mvula yagwa dzulo masana, yamphamvu, fungo la dothi mpaka m'nyumba. Inandipeza nditakhala pa kampando, nyemba zili pamoto. Ndinatambasula dzanja, mchere uwu. Ndinatambasula lina, madzi awa. Poto ndinangomukankha, n'kupita yekha pambali. Olive anatuluka pamvula kukaona, akuti utsi ukutuluka pamwamba pa malata ngati pa balani ya atate ako. Sindinatsokomole n'kamodzi komwe. Ndinadya ndi mchere wa mulingo wanga.

Sindikudziwa ngati chingwe chachiwiri chija chinakufika. Chikafika uchisunge pamodzi ndi choyamba, uzionetsa anzako a mu ofesi, aziyeza munthu ali pomwepo. Koma ndikuuze, Goodness. Chimene anayeza Levison Loweruka ndi chachifupi pang'ono kuposa pa mfundo ya chingwe chimene ndinakutumizira mu Okutobala. Chikufupika. Mapepala akowo akatuluka usayambe ndi kugula katundu. Ubwere ndi tepi yako, ukhale pa benchi la alendo, ndikuphikire tiyi uzindiona.

Olive, ika cholembera, dzanja lako lagwira ntchito. Ine ndatopa, msana ukufuna mphasa. Moto ndazimitsa, ndikagone pang'ono.

Ndine mayi ako,
Maliya Nambewe